Nduwira ya a Dhuma

Zaka zitatu zinatha a Dhuma asanapereke nsalu ya Rasmoni. Zitatu zenizeni. Mwana wa munthu anakwatiwa, anatenga pakati, anabereka, khandalo mpaka linamera mano n'kuyamba kuluma anthu, koma nsalu osaoneka.

Aliyense pa komboni ya mgodi wachinayi ku Jharia ankaudziwa mwambo wake. Ukatengera mwana wako wamwamuna mkazi, mayi wa mkaziyo umamuveka nsalu yoyera ya mikono khumi ndi iwiri, ya mzere wofiira m'mphepete. Si mphatso imeneyo. Ndi ya msana umene unabereka mwanayo.

Ndipo Maino, mwana wa Rasmoni, sanali mwana wamba. Kumgodi mwamuna amakumba malasha ndi piki, mkazi wake n'kumasenza pa dengu kukathira m'ngolo zachitsulo zimene zimaima pa njanji. Kampani imalipira ngolo yodzaza, thukuta ilibe nalo ntchito. Mwamuna wopanda womusenzera ali ngati mtondo wopanda munsi. Tsono Maino ankadzaza ngolo zitatu pa tsiku, pamene anzake akadzaza ziwiri ankayenda atagwira khosi. Kuchokera tsiku limene anakwatiwa ndi Chunu, mwana wa a Dhuma, banja limenelo linkadya nyama Lamlungu lililonse. A Dhuma piki anaisiya, amvekere chifuwa, n'kumakhala pa bedi la zingwe pakhomo kusuta fodya wokulunga m'tsamba, atavala nduwira yawo yofiira.

Nduwira imeneyo panalibe amene anaionapo itavulidwa. Ngakhale kale akugwira ntchito pansi, kumene kumatentha moti amuna amatsala ndi kansanza m'chiuno, iwo nduwira ili pamutu. Pogona ili pamutu. Posamba ankaweramira kutsogolo ngati nkhuku yakumwa madzi.

Lamlungu lina m'mawa, anthu atalandira za mlungu, Rasmoni anaima patsogolo pa bedi lija manja ali m'chiuno.

"Asewere, ndabwera."

"Aa, asewere anga! Khalani pansi. Chunu, apatse mowa apongozi ako."

"Mowa wanu sindivala. Nsalu."

A Dhuma anakhosomola, kukhosomola kwa munthu amene akufuna nthawi yoganiza. Chaka choyamba anati mvula yaononga mpunga kumudzi. Chachiwiri anati mliri wa chimfine. Tsopano anati nkhondo ya azungu yakweza mitengo ya nsalu.

"Nkhondo inatha, asewere. Anthu anabwerako, ena akulima."

"Inatha kwa eni ake. Ku sitolo siinathe."

"Mbuzi ziwiri zili kuseri kwa nyumbaku munagula ndi chiyani? Ndi chifuwa?"

"Zimenezo ndikungosungira munthu."

"Chabwino. Nanenso mwana wanga mumangondisungira. Maino! Tenga mwana ndi mphika wako, tizipita. Ndadwala, ndikufuna wondiphikira."

"Mwadwala chiyani amayi?" anafunsa Maino akutuluka m'nyumba.

"Kuzizidwa. Ndilibe nsalu."

Maino sanatsutse. Zaka zitatu asanapumepo kupatula masiku khumi a chikuta, bwanji atsutse? Anabereka mwana, nanyamula mphika, natenganso dengu lake la malasha. Chunu anatsegula pakamwa, nayang'ana bambo ake, nayang'ana apongozi ake, natsekanso. Anali mwana wabwino Chunu, wamphamvu ngati njati, koma mawu ake ankatuluka kamodzi pa mlungu.

"Abwera yekha ameneyo," anatero a Dhuma. "Mkazi sagona kutali ndi mwamuna wake masiku atatu."

Lolemba ku mgodi siliwerengedwa, theka la anthu limakhala likulimbana ndi mowa wa dzulo. Lachiwiri Chunu anatsika yekha. Anakumba mulu wa malasha wofika m'chiuno, nauyang'ana, mulu nawonso n'kumuyang'ana. Ngolo yake inabwerera kumtunda yopanda kanthu.

Inali nyengo yoipa kusowa wosenza. Mvula inali itayamba, ndipo anthu ambiri anali atathawira kwawo kukawokera mpunga, monga amachitira chaka chilichonse, kampani ilire isalire. Mabogi makumi awiri a sitima anali ataima pa njanji kukamwa kuli yasa, bwana mkulu akuwawerenga m'mawa ndi madzulo ngati angaswane. Bwana akakalipira kalaliki, kalaliki ankakalipira kapitawo, kapitawo Lodga n'kumathamanga m'komboni monse ngati galu wolumidwa ndi mavu.

Lachitatu Lodga anafika kwa Rasmoni ndi botolo m'manja. Anapeza Maino atagona pamphasa masana, mayi ake akumupaka mafuta m'tsitsi.

"Mayi, mundiphetsa. Ngolo zitatu pa tsiku zikusowa m'gulu langa. Mubwezeni mwanayu, za nsaluzo tikambirana."

"Takambirana zaka zitatu. Pakamwa panga pachita kuyera."

"Nanga ine ndalakwa chiyani?"

"Unadya nawo ukwati. Unavina mpaka kugwera m'ngalande. Botolo lakolo lisiye apo, koma mwana sapita."

Lodga anapita kwa a Dhuma nawauza mosapsatira. Nyumba akukhalayo ndi ya kampani, ndipo ndi ya anthu otulutsa malasha. Ngati pofika Loweruka ngolo za Chunu sizikwera, atenge bedi lawo la zingwe akaliike pansi pa mtengo. A Dhuma anayesa kupempha akazi ena. Aliyense anali ndi mwamuna wake womusenzera, ndipo mmodzi amene analibe anafuna theka la ngolo iliyonse. Atamva mtengowo chifuwa chinapola pomwepo. Lachinayi m'mawa anthu anaona zimene sanazionepo: a Dhuma akutsika mgodi pamzere wa akazi, dengu lobwereka lili pamwamba pa nduwira.

"Taonani mkwatibwi wa Chunu!"

"Mayi ake analandira nsalu koma?"

"Yendani bwino achemwali, mungapunthwe, muli ndi pakati!"

Zonsezi Rasmoni anazimva madzulo pa mpope, ndipo anaseka mpaka kukhetsa madzi. Anamva kuti kuchokera pamene Chunu ankakumba kukafika pa ngolo panali mtunda wa mapazi mazana atatu, wokwera, woterera, ndipo a Dhuma anafika ndi theka la dengu lililonse, lina atalimwaza m'njira. Tsiku lonse bambo ndi mwana anadzaza ngolo imodzi, ndipo kalaliki anaikana kuti siinadzaze.

"Mawa nsalu ibwera," anatero Rasmoni.

Mawa lakelo, dzuwa lili pamutu, lipenga la pamgodi linalira kulira kosalekeza. Rasmoni anali kupeta mpunga. Lichero analiika pansi bwinobwino, chifukwa kulira kumeneko ankakudziwa. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo kunalira choncho, ndipo madzulo ake kampani inamupatsa nsalu yoyera yokulungira mwamuna wake Gora, chimene chinatsalako.

Pakhomo la mgodi anapeza Chunu atakhala pansi, thupi lonse fumbi, phazi likuchucha magazi, akulira ngati mwana. Maino anamugwira. Mawu a Chunu a mlungu wonse anatuluka nthawi imodzi.

Pansi pa mgodi amasiya zipilala za malasha kuti zichirikize denga, ndipo kukumba chipilala n'koletsedwa, chindapusa chake ndi rupiya ziwiri. Koma malasha a chipilala ndi ofewa, amangogwa okha, ndipo chipilala china chinali pafupi penipeni ndi ngolo. A Dhuma, khosi litawakana, anauza mwana wawo kuti asiye kukumba kutali, azingosenda chipilalacho pang'onopang'ono, palibe aone. Chunu anasenda. Anasendanso. Kenako denga linalankhula, kulira ngati munthu akuthyola nkhuni zouma. Chunu anathawira ku njanji. A Dhuma anabwerera kukatenga dengu, poti linali lobwereka, denga n'kugwa.

"Ndaitana maulendo khumi," anatero Lodga akupukuta nkhope. "Ndagogoda pamwala. Zii. Apita."

Kalaliki, Babu Nitai, anali atabwera kale ndi buku la ngozi limene woyendera migodi wa boma amaliona. Anali munthu wachangu pa zinthu zosafuna changu. Analemba dzina, analemba tsiku, analemba kuti wafa, natuma munthu kukatenga nsalu ya maliro ku nyumba yosungira katundu. Anati bwana walamula kuti njira imeneyo itsekedwe ndi njerwa, anthu abwerere ku ntchito, mabogi akudikira.

"Mutseke ndani?" anafunsa Rasmoni.

"Mayi, munthu wafa."

"Mwamuona?"

"Sakuyankha."

"Ine zaka zitatu sakundiyankha, anali atafa? Maino, dengu. Inu amayi nonse, mwaima ngati mwabwera kudzaonera ukwati, tengani madengu. Lodga, amuna ako atenge mapiki ndi mitengo yochirikizira. Munthu wa ngongole yanga sakwiriridwa ndi njerwa."

Babu Nitai anayamba kunena za bwana. Rasmoni anamudutsa ngati akudutsa mbuzi.

Anali asanatsikemo chifere Gora. Miyendo inkafuna kubwerera, koma anaikalipira chamumtima ndipo inamvera. Anatsetsereka mumdima ndi koloboyi m'manja, madzi akudontha m'khosi, mpaka pamene njira inathera pa mulu wa miyala ndi malasha wofika kudenga. Anaimika anthu onse. Anamvetsera denga kaye, monga ankachitira Gora, mutu utapendekeka. Linali chete. Anauza amuna kuti aimike mitengo. Kenako anatola mwala nagogoda.

"Asewere!"

Zii.

"A Dhuma!"

Zii. Maino anayamba kusisima. Lodga anapukusa mutu. Rasmoni anaika pakamwa pa kampata ka pakati pa miyala, nakweza mawu moti koloboyi anagwedezeka.

"Chabwino, mwafa. Pitani bwino. Mbuzi ziwiri zija ndikukatenga lero lomwe, pamodzi ndi bedi."

Kuseri kwa miyala kunamveka kukhosomola.

"Mbuzizo si zanga," anatero mawu aang'ono.

Akazi anakuwa. Chunu, amene anatsika motsimphina, anagwada pansi. Lodga analumphira pa kampata paja.

"Mdala iwe! Ndakuitana mpaka mawu kutha! Sumandimva?"

"Ndimamva."

"Nanga osayankha bwanji?"

A Dhuma anakhosomolanso.

"Rupiya ziwiri ndi zambiri, kapitawo. Ndimati ndikumbe ndekha nditulukire kwina."

"Ndi chiyani?"

"Ndi manja. Koma mwendo wapanikizika."

Rasmoni anakankha Lodga. "Tamverani asewere. Kuno kuli akazi khumi ndi anayi ndi madengu awo. Kumtunda kuli njerwa ndi Babu wanu amene wakulembani kale kuti mwafa. Musankhe. Nsalu ibwera liti?"

"Asewere, ino ndi nthawi yake? Mpweya ukutha."

"Ndiye musauwononge. Liti?"

"Tikakolola."

"Amayi, tiyeni tizikwera."

"Mwezi wa mawa!"

"Maino, zimitsa koloboyi mmodzi, mafuta akutha pachabe."

"Lero! Lero lomwe, mfiti iwe!"

"Mwamva nonse? Wati lero. Za ufitizo tikambirana kumtunda."

Chimene a Dhuma sankaona n'chakuti nthawi yonseyi amuna anali akukumba kale, ndipo Rasmoni mwiniwake, pakamwa pali pa kampata, manja anali akukankhira miyala m'dengu la Maino. Akazi anapanga mzere. Dengu linkachoka lodzaza n'kubwera lopanda kanthu, osaima. Kawiri denga linalankhula, onse n'kubwerera m'mbuyo, n'kudikira, n'kuyambiranso. Maino anasenza ngati akufuna kubweza masiku asanu amene anagona. Lodga, amene sankaiwala ntchito yake ngakhale pa maliro, ankaonetsetsa kuti dengu lililonse la malasha abwino likuthiridwa m'ngolo.

Dzuwa lisanalowe anawatulutsa, akuwakoka m'khwapa. Mwendo unali wotupa ngati chipika koma wosathyoka, chala chimodzi cha phazi chitaphwanyika. Nsalu ya m'chiuno inatsalira pansi pa mwala. Dengu lobwereka anali atalikumbatira. Nduwira ili pamutu.

Kumtunda komboni yonse inali itasonkhana. Babu Nitai anaima ndi buku m'khwapa ndi nsalu ya maliro yopindidwa m'manja, nkhope ngati wamwa mankhwala owawa.

"Izi ndiye zovuta," anatero. "Ndalemba kale ndi inki. Buku la boma silifufutidwa. Nsalunso ndaitulutsa kale, siingabwerere. Ndi ya banja la malemu."

A Dhuma, atakhala pa ngolo yogubuduzika, atafunda thumba, anayang'ana nsaluyo. Maso awo, amene anali atafooka, anadzuka. Anailandira ndi manja awiri, natembenukira kwa Rasmoni.

"Asewere, ndinati lero. Nayi. Yoyera, yatsopano, sinavalidwepo."

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Rasmoni anailandira. Anaitambasula, nagwira nsonga ndi zala, nayamba kuyeza kuchokera pa chigongono mpaka kunsonga ya chala, mokweza kuti aliyense amve. Sikuti ankafunika kuyeza. Nsalu ya kampani ankaidziwa kutalika kwake.

"Khumi," anatero. "Iwiri ili kuti? Mzere wofiira uli kuti?"

"Aa, mikono iwiri yokha? Pa chibale?"

"Pa chibale pomwepo."

A Dhuma anayang'ana buku la Babu, nakhosomola.

"Babu, mwati mwalemba kuti chiyani?"

"Kuti mwafa."

"Ndipo sizifufutidwa?"

"Sizifufutidwa."

"Mwamva nonse. Boma lanena. Wakufa salipira chindapusa, kapitawo. Wakufa alibe ngongole, asewere. Chimene mwalandiracho ndi chisomo."

Babu anayamba kutsegula buku ngati yankho lili m'menemo. Rasmoni anapinda nsalu ija, naiika paphewa, nayandikira.

"Zoona," anatero. "Pepani malemu. Koma kwathu wakufa timamuvula tisanamusambitse. Ndipo apa ndikuona mikono iwiri yofiira."

Anagwira nsonga ya nduwira nakoka.

A Dhuma anakuwa kuposa mmene anakuwira pansi pa miyala. Anagwira mutu ndi manja awiri, koma munthu amene wasenza malasha zaka makumi awiri sakanganirana nsalu ndi munthu amene wasenza masiku awiri. Nduwira inamasuka, kuzungulira kamodzi, kawiri, katatu. Pa kachinayi china chake chinagwa pa njanji, ngwee! Kenako china. Kenako zonse pamodzi, ngwe ngwe ngwe, zikugubuduzika m'fumbi la malasha, ana akuzithamangitsa. Pamwamba pa zonsezo panatsala dazi losalala ngati dzira, loyera kuposa thupi lonse, lokhala ndi timizere tozungulira pamene ndalama zinkagona.

"Ndiye chifukwa chake madengu amawawa!" anakuwa mayi wina.

"Asenza sitolo pamutu zaka zonsezi!"

"Bambo," anatero Chunu, "munkati tilibe ya mankhwala a mwana."

Amenewo anali mawu a mlungu wotsatira, anawatulutsiratu.

Rasmoni anaponda ndalama zimene zinali pafupi, nauza ana kuti abweretse zotsalazo, wobisa amuthyola khutu. Zinakwana rupiya khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Lodga anatambasula dzanja, natenga ziwiri za chipilala, amvekere wakufa amene akutukwana chonchi akhoza kulipira. Rasmoni anatenga zitatu, mtengo wa nsalu ku sitolo ya pamsika, umene ankaufunsa mwezi uliwonse kwa zaka zitatu. Anaziluma imodziimodzi kuti aone ngati ndi zenizeni. Zotsalazo anazithira m'manja mwa Maino, osati mwa a Dhuma.

"Izo ndi za khosi lako. Ukawapatsa, usadzabwere kwa ine."

Kenako anachotsa nsalu ya maliro paphewa naiponya pa dazi lija.

"Fundani, lingapse ndi dzuwa. Muisunge bwino, mudzaifuna."

"Nanga buku?" anafunsa Babu Nitai, pafupifupi kulira.

"Lembani kuti anadzuka atamva za mbuzi."

Sitolo inali ikutsekedwa pamene Rasmoni anafika, akadali wakuda ndi malasha kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mwini sitolo anati abwere mawa. Rasmoni anaika phazi pakhomo. Anatsitsitsa nsalu zinayi, nakana zitatu, imodzi poti mzere wake unali wofiira mwamanyazi. Yachinayi anauza mwini sitolo kuti aigwire yekha, iye manja ake ndi akuda, koma ayeze pa mkono wa Rasmoni, osati pa kamkono kake kafupiko. Anayeza. Anamuyezetsanso kachiwiri.

Maino anali ataima pakhomo ndi mwana kumsana, Chunu ali pambuyo pake akutsimphina, atanyamula mphika ndi dengu.

"Amayi, ndizipita kwathu?"

Rasmoni anawerenga mkono womaliza, nayang'ana mzere wofiira pa kuwala kwa pakhomo.

"Khumi ndi iwiri," anatero. "Yakwana. Pita."